Mphika wa Agnesi ndi Masiku Atatu a Kwaya

Lolemba, 14 Julaye

5:10 m'mawa. Kukuzizira. Ndikulemba pulani yanga kuti ndisasokoneze.

Lamulungu pa 20 Ambuye Episkopi akubwera kudzapereka Ulimbitso. Kwaya yathu iimba itavala yunifomu yatsopano. Yanga telala anamaliza pa 3 Julaye, ndinasita pa 5. Ili pamsomali kuseri kwa chitseko, ndaiphimba ndi pepala la pulasitiki.

Lamulo: sabata ino tikuphunzira nyimbo masiku asanu, Lolemba mpaka Lachisanu, 4:30 mpaka 6 koloko. Wosakwanitsa masiku atatu savala yunifomu, saimba. Lamuloli ndinayambitsa ndine pamsonkhano wa mu Meyi, chifukwa cha anthu ongotulukira tsiku la chikondwerero. Kaundula ndimasunganso ndine, poti ndine mlembi.

Vuto: kuchipatala cha mishoni komwe ndimakolopa ndimaweruka 4 koloko. Bambo a Agnesi amamwa mankhwala a shuga 6:30, ndipo samwa opanda chakudya. Nthawi ya kwaya ndiyo nthawi yophika ndiwo.

Yankho: mphika wamagetsi umene Agnesi, mwana wathu, watumiza pa basi kuchokera ku Joni. Uli ndi chingwe ndi chivundikiro chagalasi. Akuti umaphika wokha pang'onopang'ono, mwini ali kwina. Uthenga wake wa mawu ndaumvetsera kanayi:

- ntchafu za nkhuku 8
- anyezi 2, tomato 3, mchere, madzi theka la kapu
- maola 6
- "Amayi, osatsegulatu! Mukatsegula kamodzi mwawonjezera mphindi 20."

Ntchafu 8! Nkhuku imodzi ili ndi ntchafu 2. Ndiye kuti nkhuku 4. Agnesi akuti kumeneko amagula ntchafu zokhazokha m'paketi. Sananene kuti nkhuku zakezo zimayenda bwanji. Kuno ntchafu zimabwera ndi nkhuku yake, mutu ndi mapazi omwe.

M'khola muli 6: tambala 1, mathadzi 5. M'nyumba tilimo awiri. Ntchafu imodzi munthu mmodzi, nkhuku imodzi patsiku. Ine ndikuzengereza, koma bambo akuti chitopa chamveka kale ku Msundwe. "Bola tidye tokha, amake Agnesi, kusiyana n'kukwirira." Sindinawaonepo akunola mpeni mwachangu chonchi.

12:15. Ndathamangira kunyumba nthawi ya nkhomaliro (kuyenda ndi mphindi 12). Ntchafu m'mphika, kagetsi kofiira kayaka. 12:15 kuphatikiza maola 6 ndi 6:15. Zotsala za nkhuku ndinakazinga m'mawa, zili m'mbale.

4:12. Kagetsi kazima. Magetsi anapita 12:40, akutero bambo. Ntchafu zili mmene ndinazisiyira, zangofunda. Firiji tilibe, zikagona chonchi ziwola. Zokazinga zija bambo anadya masana ndi anzawo a bawo atatu. M'mbale muli mafupa.

Nkhuku yalokolo pa mbaula ndi maola awiri. Kaundula ndapatsira amake Tadala, oyandikana nawo nyumba, amene timaimba nawo alito. Ine ndikukupiza makala.

Magetsi abwera 7:05, titadya kale.

Kwaya: 0. Masiku otsala: 4. Palibe chodetsa nkhawa.

Lachiwiri, 15 Julaye

Magetsi alipo kuyambira m'mawa. Tithokoze.

Thadzi lachiwiri, lakuda lolusa lija. Sindikulilira.

12:15. Kagetsi kayaka. Ndauza bambo kuti asakhudze kanthu. Akuti, "Ine zamagetsi ndimaziopa."

4:12. Mphika wozizira ngati mwala wa kudambo! Pulagi yake ili pansi. Pa soketi pali foni.

M'nyumba muno soketi ndi imodzi. Pamzere wathu nyumba za magetsi ndi zitatu, ndipo ziwirizo eni ake amakhoma akamachoka. Dzulo magetsi kunalibe, choncho mafoni onse anafa. Ndawerenga patebulo:

- ya amake Tadala
- ya akatekisiti
- ziwiri za anzawo a bawo
- tochi 1
- wailesi 1, mwini wake sakudziwika

Bambo: "Amake Tadala anati mphindi khumi zokha. Enawo ndikanawakaniza bwanji ataona?" N'zoona. Wodzapala moto sakanizidwa, ndipo magetsi nawo ndi moto.

A bawo lero anali 5. Chatsala ndi khosi.

Mbaula. Makala. Amake Tadala abwera kudzatenga foni ndi kaundula. "Pepanitu anzanga, mphikawo ndimayesa mwangoika kuti uzioneka." Ndamwetulira. Ndawapatsanso cholembera.

Kwaya: 0. Otsala: 3. Ofunika: 3. Tsopano palibe tsiku lotaya.

Lachitatu, 16 Julaye

Ndalemba pepala, ndamata pamwamba pa soketi: PEPANI, SOKETI IKUPHIKA.

Thadzi lachitatu. Mapiko awiri okazinga ndabisa m'kabati, kuseri kwa mbale za alendo. Ndaphunzira.

4:12. Kagetsi kakuyaka! Pulagi ili m'malo mwake! Koma ntchafu zikusambira. Ine ndinathira theka la kapu. Madzi afika m'khosi mwa mphika.

Ndafunsa mofatsa. Zinayenda motere:

- Bambo anatsegula 1 koloko poona kuti sukubwata. "Mphika wopanda utsi, wopanda phokoso, munthu ungadziwe bwanji kuti uli moyo?"
- Anatsegulanso kuonetsa a bawo, aliyense pofika. Anali 6.
- Amake Tadala anatsegula, anati nkhuku yalokolo imafuna madzi ambiri. Makapu 2.
- Mayi wogulitsa tomato anatsegula, anagwirizana nazo. Makapu 2.
- Akatekisiti anatsegula, anasuzumira, anatseka.
- Bambo anatsegula komaliza kuona ngati madziwo athandiza.

Zonse pamodzi 11. Nane ndatsegula kuti ndione bwino. 12. Kuchulukitsa ndi mphindi 20 ndi maola 4. Ntchafu zipsa 10:15. Ndawerengera kawiri.

Ndatulutsa mapiko aja, ndaphika mbatata mwachangu. Bambo amwera zimenezo. Ine ndikupita!

Aphunzitsi a kwaya pondiona: "Amlembi, timayesa mwasamukira ku Joni." Anthu aseka. Nyimbo ya zopereka ili ndi malo ovuta pa ndime yachiwiri, alito amatsika pamene ena onse akukwera. Ndagwira pa ulendo wachitatu. Ndadzichonga ndekha m'kaundula, mosamala.

Ntchafu zathera pa mbaula. Msuzi wake ndi wa anthu khumi.

Kwaya: 1.

Lachinayi, 17 Julaye

Thadzi lachinayi. Atsala tambala ndi thadzi lamawangamawanga limene likuikira m'dengu lothyoka kukhitchini. Limenelo sitikhudza. Mazira 7.

Chivundikiro ndamanga ndi nsanza ya chitenje, mfundo zitatu zanga zija zimene palibe amazimasula. Pepala lili pa soketi. Za magetsi ndapempherera, mwachidule.

4:12. Fungo landichingamira pa mtengo wa mango! Mfundo zonse 3 zilipo. Galasi lachita thukuta. Sindikutsegula. Ndikupita.

Kwaya: 2! Pa ndime yachiwiri ija aphunzitsi auza alito ena kuti azimvera ine. Ndayang'ana pansi.

6:12. Pakhonde pali njinga. Atsibweni awo a bambo, ochokera ku Nsaru, ankhoswe a ukwati wathu kwa zaka 29. Afika 5 koloko osatumiza mawu. Ndagwada, moni, za kumudzi, za fodya.

Bambo anditsatira kukhitchini, akunong'ona: "Apatseni zonse ziwiri, ife tidye masamba." Zotsala za nkhuku? A bawo, 7. Nthutumba? Anawotcha okha 1 koloko, monga dzulo ndi dzana.

Ndamasula mfundo. Ntchafu zapsa mokongola, nyama ikuchoka yokha pa fupa. Agnesi sananame.

Atsibweni avundukula mbale. Ayang'ana. Afufuza ndi chala mumsuzi, pansi pa anyezi, pansi pa ntchafu. Mlendo akapheredwa nkhuku, nthutumba imayenera kupezeka m'mbale mwake. Ndiyo umboni kuti nkhukuyo ndi yake, si zotsala za ena. Mulibe. Akhudza ntchafu, nyama yagwa.

"Nkhuku yalokolo yofewa chonchi? Inafa yokha kodi? Paja chitopa chamveka."

Bambo afotokoza za mphika. Atsibweni adzuka kukauona, manja kumbuyo. "Ndiye masiku ano mlendo amaphikiridwa ndi chingwe, eni nyumba ali koimba, eti?"

Adya masamba okha. Ntchafu zonse ziwiri zabwerera kukhitchini. Ndadya imodzi choimirira. Sindinadyepo nkhuku yokoma chonchi.

Lachisanu, 18 Julaye

Atsibweni sakupita lero. Akuti njinga yatopa. Njinga ili bwinobwino.

Bambo m'mawa, maso pansi: "Amake Agnesi, tambala uja. Yense, pamoto, ndi manja anu. Akapita chonchi, nkhaniyi ikafika ku Nsaru iwo asanafike."

Ndayesa njira zonse:

- M'mphika muja? Ayi, chingwe anachikana.
- Masana? Nkhomaliro ndi mphindi 60, kuchotsa 24 zoyenda, zitsala 36. Tambala wa zaka zitatu safewa ndi mphindi 36.
- Ndikabwerako kukwaya? Adya 8 koloko itapitirira, ndipo aona kuti ndapitanso koimba iwo ali pakhonde.
- Mawa? Mawa anyamuka mbandakucha.

Ndawerengera tsiku lonse ndikukolopa, wodi ya amayi, wodi ya ana. Yankho likubwera lomwelo.

Chaka chimene Agnesi anali sitandade 5 ndinamanga katundu kuti ndibwerere kwathu. Atsibweni amenewa anapalasa njinga yomweyi, anakhala pamphasa masiku awiri, ndipo amene anamudzudzula anali mphwawo, osati ine. Sindinaiwale.

4:20. Madzi otentha, kusosola. 4:30 kwaya yayamba. Mphepo ikuchokera kutchalitchi, ndikumva zonse. Pa ndime yachiwiri alito asochera. Ndaimba ndekha, nthenga zili m'manja.

A bawo lero: 0. Amva kuti kuli ankhoswe.

6:45. Mankhwala achedwa ndi mphindi 15. Mbale yaikulu ya alendo, tambala yense, nthutumba pamwamba penipeni kuti asavutike kufufuza. Atsibweni atafuna nthawi yaitali, mitsempha ya m'khosi ikuoneka. "Imeneyi ndiye nkhuku. Yolimba, yaulemu." Andigawira phiko.

Kwaya: 2. Otsala: 0.

Loweruka, 19 Julaye

Atsibweni anyamuka 6:05. Njinga yachira. Potsanzika auza bambo kuti pakhomo pano pali mkazi.

Mphika ndatsuka, ndauika pakona kukhitchini kuti uume. Chingwe ndakulunga. Uthenga wa Agnesi: "Amayi, mphika uja ukukupeputsirani ntchito, eti?" Ndayankha kuti ntchafu zinafewa kwambiri. Si bodza.

2 koloko, kutchalitchi, kuwerenga maina a oimba mawa. Amake Tadala andikokera kuseri kwa thanki ya madzi. "Anzanga, Lachiwiri lija ndi mlandu wanga. Pa dzina lanu sindinalembepo kanthu. Chongani, ndinena kuti munafika mochedwa."

Ndatsegula kaundula. Zoonadi, bokosi la Lachiwiri ndi loyera. Cholembera ndi chomwechija, inki yomweyo.

Ndaima pamenepo mwina mphindi zitatu. Pamwamba pa dzina langa pali a Nasibeko, nawo masiku 2. Iwo amadikirira mwana wawo m'wodi ya ana, ndimawaona ndikamakolopa. Mabokosi awo palibe anawasiyira oyera.

Ndalemba mzere wa kujomba.

Ndawerenga maina 24. Aphunzitsi: "Amlembi, mwadumpha lanu." Ndati sindinadumphe. Kumbuyo wina, mmodzi wa ongotulukira aja: "Takulandirani kubenchi, eni lamulo!" Aseka onse. Nane ndaseka pang'ono.

Lamulungu, 20 Julaye

Yunifomu ili pamsomali. Ndakoka pepala kuti liphimbe bwino m'munsi.

Benchi lachinayi, pafupi ndi a Nasibeko. Mwana wawo anatuluka dzulo. Yunifomu ikuwakhala anthu, telala anayesetsa. Pa ndime yachiwiri alito atatu atembenuka kundifuna ndi maso. Ine ndi a Nasibeko tatsika nawo tili pabenchi pomwepo. Za benchi lamulo silinatchule. Ndikudziwa, ndinalemba ndine.

Magetsi alipo tsiku lonse, osaphethira n'komwe. Pepala ndachotsa pa soketi. Mafoni 4 ali pamzere.

Ndiwo: nyemba. Bambo akuti sabata ngati imeneyi sanaionepo chikwatirire. Akufunsa ngati mawa tiyesanso. Ndawakumbutsa kuti m'khola mulibe kanthu.

- Nkhuku: zinali 6, yatsala 1.
- Ntchafu zimene mphika unaphika wokha: 2. Mlendo anazikana.
- Kwaya: 2.

3:30. Ndikupita kukatenga mphika kuti ndiubwezere m'katoni yake. Muli thadzi lamawangamawanga! Dengu lothyoka lalisiya, lakhala m'mphika, ladzitukumula, likundijompha. Pansi pake pali dzira 1. Ndaika udzu, ndasamutsira 8 a m'dengu aja. Lakhazikika ngati Agnesi anatumizira ilo.

Mazira 9. Masiku 21. Kuchokera pa 20 Julaye ndi pa 10 Ogasiti. Ntchafu 18, popanda magetsi.

Ndauza bambo, ndipo auzenso a bawo: osatsegula.