Woyera wa pansi pa tebulo

Apongozi anga sanandikhululukirebe, ndipo mlandu wake ndi chithunzi.

Ndinachigula ku Limbe, m'sitolo ya katundu wakale. Chinali chojambulidwa ndi penti ya mafuta, felemu yake yolemera, pamwamba ponse pakuda ndi utsi. Chinkaonetsa wansembe wonenepa atagwada, manja pachifuwa, maso kumwamba. Sindinafunse zambiri (ndimadzitama kuti diso langa silinamizidwa).

Ndinachipachika pabalaza kwathu ku Manja. Apongozi, amene tikukhala nawo chifukwa cha bondo lawo, anafunsa kuti ameneyu ndi ndani.

"Woyera wina wa ku Ulaya, Mayi," ndinatero. Chikwatirireni mwana wawo, tsiku limenelo ndi limene anandiyang'ana ngati munthu.

M'mawa mwake pansi pa chithunzi panali kandulo. Kenako maluwa apulasitiki. Kenako korona madzulo aliwonse, kupempherera bondo. Pa nkhuku ya Lamulungu ine ndinayamba kulandira ntchafu.

Ndikanalekera pomwepo. Koma tsiku limene Misa ya mphakati inachitikira kwathu, ndinapempha Abambo Mfumu, nkhalamba yophunzira kunja, kuti achidalitse anthu onse akuona.

Anavala magalasi. Anachitsitsa pakhoma n'kupita nacho pazenera. Mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Mwachitenga kuti chimenechi, bambo? Nkhani yake ili m'ndakatulo. Ku seminale tinkailakatula mobisa." Anayamba kuloza ndi chala. "Wansembeyu waba nkhuku yowotcha Lachisanu Loyera, ndiye bishopu walowa mwadzidzidzi. Mdima uli pamwambawu si thambo, ndi tebulo. Izi ndi nsapato za bishopu. M'manjamu yang'anitsitsani."

Tinayang'anitsitsa. Inali ntchafu.

"Ndiye kuti sakupemphera?" anafunsa apongozi.

"Akupemphera ndithu, amayi. Kuti asagwidwe."

Mphakati wonse unaseka, kupatula anthu awiri. Apongozi anazimitsa kandulo ndi zala.

"Bambo a Chisomo," anatero motsitsa mawu, "mwandigwaditsira wakuba nkhuku? Ndi bondo lomweli?"

Kuyambira tsikulo ndimalandira khosi (nthawi zina zipalapasiro). Chithunzicho ndinachibisa kuseri kwa wadiropu, ndipo ndinalumbira kuti woyera aliyense ndizimuonera pazenera ndisanamugule.

Sabata yatha ndikudutsa pakhomo pa chipinda cha apongozi, ndinaona kuwala. Wakuba nkhuku uja anali atatsamira khoma, kandulo ikuyaka patsogolo pake.

"Bondo linayamba kupola," anatero apongozi osatembenuka. "Tsekani chitsekocho."