Ba Wamundila ndi Mawu Ochedwa

Aliyense amene anakulira ku komboni ya Linda akuwakumbukira Ba Wamundila, ometa tsitsi pansi pa mtengo wa mango, amene sankayankha munthu nthawi yomweyo. Ukawapatsa moni ankangokuyang'ana duu, lumo lili m'mwamba, mpaka iwe kuganiza kuti agontha. Kenako ndiye umve: "Nili bwino." Ukafunsa chimene achedwera, ankaloza kumwamba n'kunena kuti mawu ako anali akadali pa ulendo.

Tsiku lina akazi awo, Ba Mukatimui, anakuwa kuti mbuzi ikudya malaya pachingwe. Mmene bambo ankayankha n'kuti patatsala kolala yokha. Ku msonkhano wa chipani, tcheyamani atafuula, khamu lonse linavomera n'kukhala chete, kenako mawu a Ba Wamundila anatulukira okhaokha pambuyo. Anyamata a chipani anafuna kuwagwira kuti akunyoza boma. Anawaleretsa ndi tcheyamani mwiniwake, poti analibe wina womumeta bwino.

Komatu sanabadwe otero. Kale anali munthu wothamanga pakamwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nalishebo, anapita ku Mangalande kukaphunzira unamwino. Chimbale chachikulu cha ku Mwembeshi cholumikiza mafoni a kunja chitayamba kugwira ntchito, mwanayo anatumiza uthenga kuti adzaimba foni ku positi ofesi. Bambo anavala suti, nayenda mu Mosi-oa-Tunya Road ngati nduna.

Foni italira, bambo anamufunsa mwanayo kuti abwera liti. Kunali zii. Atayamba kubwereza funsolo, mawu a mwana anagundana ndi awo. Onse anasiya, onse n'kuyambiranso pamodzi. M'chisokonezomo anangotolapo zoti wapeza mwamuna komweko.

"Ndiye chifukwa chake uchedwa kuniyankha, na kunidula pakamwa?" anatero. "Nkhala kwamene uko. Ine nilibe mwana."

Anaika foni pansi.

Patapita miyezi, Amon, wokonza mafoni ku positi, ali pampando wometera ankafotokozera anzake za setilaiti. Anati ndi makina amene ali kutali kumwamba, oyenda limodzi ndi dziko mwakuti amakhala ngati aima malo amodzi. Chimbale chija chimaponya mawu kumeneko, makinawo n'kuwagwetsera kutsidya kwa nyanja, ndipo yankho limadzeranso njira yomweyo. Poti ulendowo ndi wautali, aliyense amamveka ngati akuzengereza. Ba Wamundila anamusiya Amon mutu utametedwa mbali imodzi, nakakhala kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kulowa.

Analemba makalata, koma ankabwerera, mwana anali atasamuka. Loweruka lililonse ankavala suti ija n'kukakhala pa benchi ya ku positi. Wowafunsa ankamuuza kuti akungopumula.

Nalishebo anadzaimba patapita zaka, atamva kuti bambo ake akudwala. Miyendo ya bambowo inali itakana kale, moti amene anapita kukalankhula naye anali Ba Mukatimui. Atabwerako, odwalawo anafunsa ngati mwana anawatchulako n'komwe.

"Akuti ali na mwana mwamuna," anatero mayiwo. "Dzina ni Wamundila."

Bambo anatembenukira kukhoma. Anamwalira mvula isanagwe, ndipo Nalishebo anafika maliro atatha.

Masiku ano, poti pansi pa mango paja palibenso wometa, amuna a ku Linda amakameta m'tauni, kumene wometa sadziwa ndi dzina lako lomwe. Amabwerako msanga, opanda nkhani yokasimba kunyumba, ndipo madzulo umawapeza atangoima m'mbali mwa msewu, manja m'matumba, osadziwa kokakhala.