Mkazi wa Pamkono pa aMthunzi

Atelala aMthunzi ankadana ndi dzuwa ngati linawalanda munda. Dzuwa lomweli limene tonsefe timayanikira zovala, iwo ankati ndi mbava yoyenda masana. Makina awo osokera anali pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo mukawasiya kumapeto uku m'mawa, madzulo munkawapeza kumapeto uko, atakoka makina, benchi, makasitomala ndi mphaka yemwe, kulondola mthunzi. Dzina lawo linachokera pamenepo, moti lenilenilo ambirife tinadzalimva pamaliro n'kuliiwalanso pompo.

Sikuti ankaopera thupi lonse ayi. Dazi lawo linkapsa iwo osalabadira. Chimene ankateteza chinali mkono wamanzere, pomwe panali tatuu, chithunzi chodinda pakhungu, cha nkhope ya mkazi. Malaya awo onse ankasoka okha, mkono wamanja waufupi, wamanzere wautali mpaka m'zala. Akamayenda mumsewu ambulera inkaphimba mkonowo basi, eni ake thukuta lili kamukamu.

"Ine ndine telala," ankatero. "Ndimadziwa zimene dzuwa limachita ndi nsalu. Lero yakuda bii, mawa yasuluka ngati bulu. Ndiye mukufuna lindisulutsire mkazi wanga?"

Mawu akuti "mkazi wanga" ndi amene ankawabaya akazi awo enieni, mayi amene ankasita zovala pakhonde lomwelo. Mayiwa tinkawatchula aNdakuonani, chifukwa ankanena mawu amenewa munthu usanachite n'kanthu komwe. Amuna awo ankakayikira dziko lonse: dzuwa, sopo, mphepo, ogulitsa malonda. Iwo ankakayikira munthu mmodzi yekha, amuna awowo, ndipo mlandu wake unali umodzi: nkhope ya pamkonoyo ndi ya ndani?

Kunena zoona, nkhopeyo sinali yoti mkazi n'kuilimbirana. Diso limodzi linali lotsinzina pang'ono, linalo lili tong'o. Pamphumi panali tsinya, mlomo utakhotera kumbali ngati wa munthu amene wamva bodza koma akudikira kuti mumalize kaye. ANdakuonani ankapita pagalasi, n'kukonza tsitsi, n'kumwetulira, n'kuona mayi wooneka bwino ndithu. Kenako ankabwerera pakhonde.

"Bambo, mundiuze zoona, sindikwiya. Ndani ameneyu?"

"Ndinuyo, mayi."

"Ine mlomo wanga unakhota liti?"

"Wodindayo analibe chithunzi chanu. Ndinali kutali kuntchito, ndakusowani, ndiye ndinangomufotokozera."

"Munamufotokozera za ndani?"

"Za inuyo."

"Ndakuonani."

Nkhani imeneyi inayamba ali achinyamata, ana anabadwa n'kuipeza, adzukulu anabwera n'kuipezanso ili pomwepo.

Chimene chinkawonjezera moto chinali chisamaliro. M'mawa uliwonse asanaponde makina, aMthunzi ankapinda mkono wa malaya n'kuyamba mwambo wawo. Ankatsuka chithunzicho ndi madzi ofunda pang'ono, otentha ayi, n'kuumitsa ndi kansalu kofewa mochita kusindikiza, chifukwa kukhula ankati n'kufufuta. Kenako ankadula tsamba la alovera amene ankadzala m'zitini za penti, n'kupaka utomoni wake. Ukauma, ankadzoza mafuta a kokonati ndi chala chimodzi, kuyambira pamphumi kutsikira kuchibwano. Lamlungu chithunzicho chinkadya peyala lofinya.

"Mwadzuka bwanji?" ankatero poyamba kudzoza.

"Mukufunsa uti?" aNdakuonani ankayankhira kusimbi. "Ine zigongono zatuwa ngati za buluzi, koma mkazi mnzanga akudya mapeyala."

"Botolo ili apa, mayi, dzolani."

"Ndidzole zotsala za mnzanga? Ndafa ine?"

Mafuta odzola a m'sitolo aMthunzi sankawafuna n'komwe. Ankatenga botolo, n'kuliyang'ana kumbuyo, n'kupukusa mutu. "Zolemba zonsezi n'zachiyani? Chinthu chabwino sichilongolola chonchi." Wogulitsa mapeyala ankachita kubisala akawaona, chifukwa peyala lililonse ankaligwedeza pakhutu, n'kulinunkhiza, n'kufunsa mtengo umene linachokera ndi amene anathyola. Mafuta a kokonati ankayamba alawa kaye, maso ali pa wogulitsa. Ukaphethira, basi, wathiramo madzi.

Chaka china anamva kuti uchi umafewetsa khungu. Anapaka wochuluka, n'kukhala phee pabenchi mkono uli poyera. Njuchi zinamva nkhaniyo msanga kuposa ife. Mkwati amene anabwera kudzayesa diresi anathawa zingwe zili lendelende kumbuyo, mphaka anakwera padenga, aMthunzi anangovindikira mkonowo ndi chipewa n'kupereka dazi kuti zilume. Madzulo mutu unali ngati dzungu, koma ankamwetulira. "Sizinamukhudze," anatero. Kenako anayamba kufufuza kuti njuchizo anazituma ndani.

Nawo aNdakuonani anali pakafukufuku wawo. Mkazi aliyense wobwera ndi nsalu ankamuyang'ana nkhope, n'kuyang'ana mkono, n'kumuyang'ananso nkhope. Tsiku lina kunabwera mayi wina wachilendo, tsaya litafufuma, mlomo uli kumbali, diso limodzi likulephera kutseguka. ANdakuonani anaika simbi pansi mwaulemu.

"Mwafika nokha lero? Takulandirani. Takhala tikukudyetsani mapeyala zaka zonsezi."

Mayiyo anangoti kukamwa yasa, n'kuonetsa thonje la magazi. Anali akuchokera kochotsa dzino, ndipo ankangofunsa njira ya kokwerera basi.

Ometa tsitsi a pafupi ndi khondelo anayesapo kamodzi kuthandiza. "Komatu amayi, mukaonetsetsa bwinobwino..."

"Ndikaonetsetsa chiyani?"

Ometawo anayang'ana nkhope ya mayiwo, n'kuyang'ananso mkono wa aMthunzi. "Ndimati kunjaku mvula ibwera." Kunja kunali kuli ngwee. Kuyambira pamenepo palibe anayerekezanso, pajatu mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wathu unali usanakule chotero.

Mtima ukawawa nthawi yaitali umaphunzitsa munthu zoipa. ANdakuonani, monga munthu wodziwa zovala, ankadziwa kuti mandimu amasulutsa banga. Tsiku lina amuna awo atapita kukagula ulusi, anafinyira ndimu lathunthu m'botolo la mafuta, n'kukhutchumula. "Tione ngati usuluke kapena ayi," anatero.

M'mawa aMthunzi anatsegula botolo, ananunkhiza, n'kutsekanso pang'onopang'ono.

"Pali munthu akufuna kundiphera mkazi."

Anakayikira ometa, poti ankamwa tiyi wa mandimu, ndipo anasiya kuwapatsa moni ndi kukametetsa kwa iwo mpaka tsitsi la m'mbali mwa dazi linafika m'makutu. Anakayikira wa mapeyala. Anakayikira mwini sitolo, mlonda, ngakhale mphaka anamuyang'ana kawiri. Pomaliza anagula mafuta atsopano n'kupereka botolo m'manja mwa akazi awo.

"Kuyambira lero muzisunga ndinu, mayi. Pano palibenso wina woti n'kumukhulupirira."

ANdakuonani anachita manyazi mpaka anapsereza kolala ya malaya a kasitomala. Koma pofika masana manyaziwo anali atasanduka china. "Akundinyengerera," anauza ometa. "Munthu wosalakwa sakoma mtima chonchi."

Ukalamba sugogoda. AMthunzi anayamba kulephera kukoka makina, moti ife a mumsewumo tinkasinthana kuwakokera kumthunzi. Kenako tsiku lina anagwa pabenchi, dzanja lamanja n'kufooka, ndipo anawagoneka kuchipatala. Kumenekonso anavuta. Anakana kuti awabaye jakisoni kumanzere, anakana bedi la pawindo, ndipo dokotala atangogwira mkonowo anafunsidwa kuti wasamba m'manja ndi sopo wanji.

Koma kudzoza sakanathanso. Masiku anapita, khungu linayamba kutuwa, nkhope ija n'kumaoneka ngati ili kuseri kwa utsi. ANdakuonani ankaona zimenezi ali pampando pambali pa bedi. Chimene anachilakalaka moyo wawo wonse chinali chikuchitika chokha, popanda ndimu, ndipo anadabwa kuti sichikuwakoma.

"Mayi," aMthunzi anatero ndi mawu otsika, "botolo lija mwabwera nalo?"

"Lili m'chikwama."

"Tandidzozerani."

"Ndidzoze mkazi mnzanga, ine?"

"Chonde. Koma musathiremo mandimu."

"Munkadziwa?"

"Manja anu ananunkha ndimu tsiku lonse."

"Nanga ometa aja munawazunziranji?"

"Ndikanakwiyira ndani? Inu?"

Anatulutsa botolo, anapinda mkono wa malaya, n'kuyamba kudzoza ndi chala chimodzi, kuyambira pamphumi kutsikira kuchibwano, monga ankaonera zaka zonse akunamizira kusita. Mafuta atalowa, mizere inadanso bii, diso lotsinzina lija n'kuwayang'ana. Nthawi yomweyo panafika namwino wina, mtsikana watsopano amene sankadziwa kuti nkhaniyi anthu amaidutsa chapatali.

"Ii, agogo! Anakujambulani ndani? Ndinu ndendende!"

ANdakuonani anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana namwinoyo, anayang'ana amuna awo. "Mwamupatsa chiyani mwanayu kuti anene zimenezi? Ndakuonani nonse awiri."

"Imani pomwepo agogo, musasinthe nkhope!" Namwinoyo anatulutsa foni, n'kujambula nkhope ndi mkono pamodzi, n'kuwapatsa.

Mayi aja anayang'ana nthawi yaitali. Pafonipo panali akazi awiri, onse diso limodzi lotsinzina, onse tsinya pamphumi, onse mlomo uli kumbali. Nkhope imeneyi anali asanaionepo, chifukwa pagalasi munthu sapita kukakayikira, amapita akumwetulira. Tonse a mumsewu tinkaiona tsiku ndi tsiku, iwo okha ayi.

"Ndi mmene munandiyang'anira tsiku limene ndinakufunsirani," aMthunzi anatero. "Ndinati ndimakukondani, inu n'kundiyang'ana choncho. Ndinadziwiratu kuti mkazi uyu palibe adzamupusitse. Ndiye wodinda uja ndikanamufotokozera nkhope iti?"

"Osandiuza bwanji?"

"Ndinkakuuzani m'mawa uliwonse."

ANdakuonani analira pamenepo, kulira kwenikweni, kwa munthu amene wazindikira kuti moyo wonse wakhala akuchitira nsanje iye mwini. Kenako anapukuta misozi n'kudzudzula amuna awo kuti mphuno ndiye anaikulitsa dala.

AMthunzi anatisiya patangopita masiku ochepa. Tsiku lowaika kunali dzuwa loswa mtengo, ngati linabwera kudzabwezera. Anawaveka malaya awo a mkono umodzi wautali, ndipo njira yonse aNdakuonani anayenda kumanzere kwa bokosi, atatambasula ambulera pamalo pamene panali mkono. Wina atati bokosi n'lotseka, dzuwa silingalowe, anamuyang'ana ndi nkhope ija, ndipo munthuyo anabwerera kumbuyo kwa mzere.

Pakhonde paja tsopano pali zii. Makina anaima malo amodzi, dzuwa limawapeza m'mawa n'kuwasiya madzulo popanda wolitukwana. Alovera wadzaza m'zitini mpaka kugwera pansi. Wa mapeyala akuti malonda akuyenda bwino, koma sakukoma, poti palibe amene amamufunsa za mtengo umene peyala lachokera.

ANdakuonani akusitabe. Koma m'mawa uliwonse asanayatse simbi amasamba kumaso ndi madzi ofunda pang'ono, n'kusindikiza ndi kansalu, n'kudzola mafuta a m'botolo lija kuyambira pamphumi kutsikira kuchibwano. Akamayenda padzuwa amafunda ambulera ya amuna awo. Ometa, amene anakhululuka kalekale, anawafunsa tsiku lina ngati ayamba kudzikongoletsa kuti apeze banja lina.

Mayiwo anatsinzina diso limodzi, mlomo n'kupita kumbali.

"Nkhope ya pamkono ija anapita nayo," anatero. "Yatsala ndi ino yokha. Akadzandiona itasuluka ndidzawauza chiyani?"