Mchira wa Bambo a Tadala

Usiku watha ndinalota zinthu zoti ngakhale kwa abusa sindingakazinene, anzanga. Felesita, siya kaye diresi la eni akelo, kokera mpando kuno. Nawe Nasimelo, tsitsa wailesiyo.

Mukudziwa kuti masiku ano mutu wanga uli pawiri. Kwina mayeso a Chingerezi amene ndikubwereza kusukulu yamadzulo ija, kwina bambo a Tadala amene ayamba nyimbo yoti akufuna kupita ku Joni kukasaka maganyu. Ndiye dzulo aphunzitsi athu a Zgambo anatiphunzitsa za michira. Akuti mawu a Chingerezi ukawamata kamchira kumbuyo amasintha mtundu. Kind ukamupatsa -ness amasanduka kindness, limenelo ndi dzina. Care ukamupatsa -ful amasanduka careful, ameneyo ndi mfotokozi. Ndinagona ndikuloweza zimenezo.

Ndiye ndikuona ndili pakhonde pompano, dzuwa lili pamutu, ndikutchova makina anga osokera. Mwadzidzidzi makinawo anatsokomola, n'kulavula ulusi.

"Elube," anatero makina. Osati "mayi" ayi, dzina langa lenileni, ngati tinakulira limodzi. "Iwe uli kalikiliki ndi masiketi a anthu, mwamuna wako wasanduka mneni."

"Mneneri? Wa mpingo uti? Munthu uja ngakhale pemphero la chakudya amalidula pakati."

"Sindinati mneneri. Mneni! Verebu! Tayang'ana kumsewu."

Ndiye kuti ndiyang'ane, ndikuona bambo a Tadala akudutsa, avala jekete lawo la ukwati lija, chikwama paphewa, pachipumi palembedwa ndi choko kuti move. Miyendo ikungoyenda yokha, iwo akungoitsatira.

"Bambo a Tadala!" ndinakuwa. "Mukupita kuti osamwa tiyi?"

"Sindingaime, mayi a Tadala! Ndine verebu! Ndikaima ndiphwanya galamala!"

Ndiye ulendo, kulunjika msewu wa ku Dedza. Mtima wanga unangoti myuu, chifukwa ndinadziwa kuti msewu umenewo ukathera ku Joni.

Apo sizasi yanga inatsegula kukamwa. "Muwasokerere mchira akhale dzina," inatero. "Dzina limakhala malo amodzi. Munaonapo tebulo likupita ku Joni?"

Ndiye ndinavundukula dengu la zigamba lija, m'malo mwa zigamba muli michira yokhayokha, ikuphiriphitha ngati mbewa. Ndinatola umodzi wonenepa, -ment, n'kuyamba liwiro. Makina nawo akundithamangira pambuyo ndi miyendo yawo yachitsulo ija, gwede gwede gwede, akudandaula kuti sindinawathire oyilo chiyambire Khirisimasi. Tinawapeza bambowo pa chigayo. Ndinawagwira lamba, makina n'kulumphira pa thalauza, tatatata, mchira wakhazikika.

Mwadzidzidzi bambo a Tadala anakhala awiri. Kenako gulu. Kenako msewu wonse tho, bambo a Tadala okhaokha, onse jekete limodzimodzi, ena anyamula zikwangwani, wina akuimbitsa nyimbo patsogolo, onse akuvomera, "Ku Joni! Ku Joni!"

"Wachita chiyani iwe?" anatero makina. "Move ndi -ment ndi movement. Wayambitsa bungwe!"

Nasimelo, usaseke. Taganiza, mmodzi yemweyo ndiwo sizimukwana, nanga gulu lonselo ndikanaliphikira mu chiyani?

"Thamangira kuboma," anatero makina, "ku Ofesi ya Michira. Ine ndiziwatsatira kuti asasochere."

Ndiye ndinanyamula dengu langa pamutu. Pompo panaima njinga ya kabaza, yopanda mwini wake, ikudziimbira belu.

"Kwerani, mayi. Dzina langa ndine Care. Koma sindiyenda wopanda mchira. Sankhani, -ful kapena -less."

Ine poopa ngozi ndinaimata -ful. Anzanga, njinga ija inayamba kuyenda ngati ikuperekeza maliro. Ikaona kamwala, imaima n'kukapepesa. Ikafika pa mphambano, imayang'ana kumanja, kumanzere, kumwamba, n'kufunsa maganizo anga. Nkhuku ya anapiye inatipitirira, mpaka inatembenuka n'kutifunsa ngati tili bwino. Kutsogolo uko gulu la amuna anga likuzimirira kuseri kwa phiri.

Ndiye ndinazula -ful uja, n'kumata -less.

Mayo ine! Tinalowa m'munda wa chimanga, tinatulukira m'bafa mwa munthu, bambo wina ali thovu lokhalokha, ine n'kungoti "Mwaswera bwanji," iye "Ndaswera." Tinadutsa pakati pa kwaya ikuyeserera nyimbo, mpaka mayi wina wa soprano anakodwa pa handulo, anapitiriza vesi yake tili naye limodzi, tinakamutula pa dambo.

Mwadzidzidzi kutsogolo kuli chipata cha apolisi, migolo iwiri ndi mtengo. Wapolisi anakweza dzanja, chipewa choyera mbee.

"Mayi, mwanyamula chiyani?"

"Michira, bwana."

"Ya ng'ombe?"

"Ya Chingerezi, bwana."

"Tsitsani tione."

Ndiye akuwerama kuti asuzumire m'dengu, ndevu zinayamba kutsika, nyanga n'kuboola chipewa, fungo lija n'kundipeza. Wasanduka tonde, koma yunifolomu ili pomwepo, yositasita bwino. Anatola -tion n'kuyamba kutafuna.

"Bwana, imeneyo ndi ya mayeso!"

"Tikufufuza," anatero, kukamwa kuli todzaza. Anadya -ness, anadya -ity, pa -ship anati wawawa koma anamezabe. Kenako anandiyang'ana ndi maso aja a mbuzi. "Njinga yanuyi ndi yoopsa. Mundiuze mfotokozi wochokera ku danger, mudutse."

Ine ndinangoyankha mongoyerekeza. "Dangerful, bwana."

"Meee! Dangerous! Munali kuti tsiku limene ankaphunzitsa zimenezi?"

"Ndinali kusoka mayunifolomu a kwaya, bwana."

Ndinaona ngati anditsekera, koma anapeza chingwe cha dengu langa, n'kuyamba kuchidya mwachidwi, maso atatsinzina. Ndinangodutsa pansi pa mtengo uja chokwawa, manja ali lende.

Ndiye ndangoti dzuu, ndili kale mu Ofesi ya Michira. Imaoneka ngati kuchipatala, mabenchi aatali, koma kununkhira kwake kwa choko. Pamabenchipo pakhala mawu a Chingerezi, aliyense akudikira nthawi yake. Pafupi nane panali Happy, akulira chosadziletsa.

"Nanga iwe Happy, ukulira chiyani?"

"Akuti kuti ndikhale happiness andidula y," anatero akufwenthera. "Ndinabadwa nayetu ameneyu."

Chitseko chinatseguka, kunatuluka kamunthu koonda, kakuyenda chogwira khoma. Happy anandinong'oneza kuti ameneyo analowa ali Strong, chibambo cha minofu.

"Achimwene, akuchitani chiyani?" ndinafunsa.

"Andichotsa o, alongo," anatero mopanda mpweya. "Tsopano ndine Strength. Tayesani kunditchula."

Ndinayesa, lilime linakakamira kumano, malovu okha ndi amene anatuluka.

"Mwaonatu," anatero. "Ngakhale akazi anga akungondikodola ndi dzanja. Mng'ono wanga Long ali m'katimo, naye zake ndi zomwezi."

Kutsogolo kunali tebulo, pakhala bwana wamkulu wa ofesiyo, mayi wa suti yotuwa ndi magalasi ofika pamphuno. Anaitana Happy. Ndiye akudzuka pampando, khosi linatalika, suti ija inachita mawangamawanga, wasanduka nkhanga, magalasi ali pomwepo. Anajompha y uja kamodzi n'kumuponya pakona, pomwe panali mulu wa ma y, ati amakagawira anthu a minda kuti azichirikizira nthochi. Anaimika i pamalopo, n'kuzula kadontho kamodzi pa nthenga zake, n'kukaika pamwamba, kenako n'kumumata -ness wotsiriza. Happiness anatuluka akuseka, osatsanzika n'komwe.

"Wotsatira! Mayi inu, vuto lanu?"

Ndinagwada. "Bwana, amuna anga asanduka verebu. Ndinawasoka -ment, ndiye achuluka. Pano ali pa ulendo wa ku Joni, onse."

Nkhanga inatsegula kabati, n'kupukusa mutu. "Michira ya mayina inatha, tikudikira ina kuchokera ku likulu. Yatsala iwiri ya afotokozi. Mfotokozi naye sayenda yekha, amakhala pambali pa mwini wake. Ndiye mundiuze, amuna anuwo ndi useful kapena useless?"

Mawu onse pamabenchi anatembenuka kundiyang'ana.

Anzanga, funso limenelo musadzalilote. Ndinakumbukira kuti makinawa ndi iwo amene amandinyamulira pamutu m'mawa uliwonse kudzawatula pakhonde pano. Ndinakumbukiranso tsiku lija anakonza denga, n'kutseka podontha ndi chivundikiro cha poto wanga watsopano. Ndinakumbukira nditadwala malungo akundiphikira phala. Phala lake anathiramo sopo waufa, ati ankayesa mkaka.

"Zimatengera tsiku, bwana," ndinatero.

"Galamala ilibe tsiku, mayi. Sankhani."

Kuti ndisuzumire pawindo, ndikuona malire a dziko ali panja pomwepo, kuseri kwa mpanda wa ofesi, gulu lija latsala pang'ono kufika. Ndiye ndinangotsomphola michira yonse iwiri, n'kudumphira pawindo, nkhanga ikukuwa pambuyo, "Umodzi, mayi! Umodzi!"

Ndikuthamanga choncho, mwadzidzidzi ndikuona nyumba yathu ili m'mbali mwa njira, yabwera kudzaonerera, pakhomo palembedwa home. Ndinapunthwa, -less uja n'kupulumuka m'manja, n'kukamatirira pachitseko.

"Homeless," inatero nyumba, mwaulemu ndithu. "Pepani mayi, lamulo ndi lamulo." Inakwinya maziko ake ngati mzimayi wokwinya chitenje powoloka mtsinje, n'kulowa m'gulu lija, nayo ikuimba "Ku Joni!" Tambala wathu ali padenga, akuimbitsa.

Ndiye ndatsala ndi -ful yekha m'manja, nyumba yapita, amuna akupita. Malire ake anali mzere wa choko, ndipo amene amaulondera anali a Zgambo, aphunzitsi athu, wotchi m'manja. Ndikuwayang'ana, maso awo anayamba kuzungulira lina uku lina uko, asanduka nanzikambe wa tayi, diso limodzi lili pa wotchi, lina pa ine.

"Nthawi yatsala pang'ono, mayi Elube," anatero. "Osaonera kwa mnzanu."

Tsono mchira ndi umodzi, amuna ndi khwimbi, enieni ndi ati? Ndinalowa pakati pawo, ndikuwayang'ana kumaso, onse mphuno imodzimodzi. Ndiye ndinakuwa, "Kodi ndani anamaliza shuga wa m'kabati?" Onse anapitiriza kuimba, koma mmodzi anayang'ana kumbali n'kuyamba kukanda khutu. Ndinati eya, ndi awa.

Ndinawagwira jekete. Makina anafika ali wefuwefu.

"Soka msanga!" ndinatero.

"Ulusi watha," anatero makina, n'kukhala pansi m'fumbi.

Ndinayesa kumata mchira uja ndi malovu, unagwa. Ndinayesa kuumanga ndi mpango, unaterereka n'kuthawira m'tchire. Bambo a Tadala akundikoka, ine zidendene zikulima pansi. Mwendo wawo umodzi unanyamuka, uli m'malere pamwamba pa mzere uja.

"Ikani zolembera pansi!" anatero a Zgambo.

Apo mantha anandigwira enieni, Felesita, osati a maloto ayi. Ndinaona ndithu kuti munthuyu akaponda tsidya ilo, ndidzangomumvera pa foni, mawu akudukaduka, Tadala akukula osamuona. Chingerezi chonse chinandithawa m'mutu. Ndinangowakumbatira m'chiuno, n'kunena m'Chichewa chathu chomwechi:

"Bambo a Tadala, musapite. Ine sindikufuna. Bola tizidya bonya yemweyo tili limodzi. Musandisiye ndekha."

Mwadzidzidzi amuna ena onse aja anayamba kuphulika ngati thovu la sopo, phu, phu, phu, zikwangwani zikugwera pansi. Nyumba inaima, n'kuyang'ana uku ndi uku mwamanyazi, n'kukhala pansi pomwepo pakati pa msewu.

"Chichewa m'mayeso a Chingerezi!" anakuwa a Zgambo, atafiira thupi lonse mpaka tayi. "Ziro! Ziro yaikulu!"

Ine sindinawalabadire. Bambo a Tadala anali ataima, mwendo umodzi udakali m'mwamba, akundiyang'ana, maso ali ndi misozi.

"Mayi a Tadala," anatero, "nanga osanena kale bwanji? Ine ndimayesa mukufuna ndipite."

"Ndiye mukupita kapena simukupita? Tsitsani mwendowo, mundiyankhe bwinobwino."

Anapuma mozama. Anandigwira dzanja. Makina anadzuka kuti amve, nyumba inatsegula mawindo onse, a Zgambo anatembenuzira maso onse awiri kwa ife. Bambo a Tadala anakweza nkhope kumwamba, n'kutsegula pakamwa kuti ayankhe, ndiye kunatuluka:

"Ghrrrrrrr."

"Mwati chiyani?"

"Ghrrrrrrrrrr."

Ndinatsegula maso. Kunja kwayera, ine ndakumbatira pilo mpaka wapindika pakati. Kuseri kwa windo, bambo a Tadala ali ndi kapu yawo ya pulasitiki, mutu chagada, akuchukucha kukhosi ndi madzi amchere, ghrrrrr, kenako n'kulavulira pa maluwa anga.