Mitundu Isanu ndi Dengu Limodzi la Tomato

Lolemba

Nkhondo yayamba! A tcheya a komiti ya tchalitchi, bambo Kamwendo, akufuna chipinda chathu cha sukulu ya mkaka kuti azisungiramo mabokosi a tomato. Akuti ana anga amangobwera kudzamwa phala ndi kunyowetsa mikeka. Loweruka kuli msonkhano wa makolo. Ana akalephera kuonetsa chimene aphunzira, kiyi ndipereka, ndipo tibwerera pansi pa mtengo wa mango, m'mphepo ya kuno ku Chezi imene imalowa mpaka m'mafupa.

Koma a Kamwendo sakundidziwa bwino. Ine maphunziro a alezi ndinakachitira ku Dowa Boma, satifiketi ili pakhoma. Pulani yanga nayi:

Lolemba, kufiira.
Lachiwiri, kubiriwira.
Lachitatu, chikasu.
Lachinayi, kuyera ndi kuda.
Lachisanu, kubwereza.
Loweruka, manyazi a bambo Kamwendo.

Ndabwera ndi dengu la tomato wa kudimba kwanga. Ndikukweza mmodzi m'mwamba: mtundu wanji uwu? Onse pamodzi: "Tomato!" Ndikuti ayi, nenani kuti wofiira. Tadala, kamtsikana ka zaka zitatu koma pakamwa ngati wogulitsa pamsewu, akundikonza: "Wakupsa, Madamu."

Ndikutembenuka kuti ndipukute mamina a wina, pocheuka theka la phunziro ladyedwa. Palibe kanthu. Chimene chalowa m'mimba chafika pafupi ndi mutu.

Tamandani, chitsirizira cha a Kamwendo omwewo, sayankhula. Chiyambireni temu mawu ake sindikuwadziwa. Ali pakona payekha, akusanja tomato amene wapulumuka.

Lachiwiri

Kubiriwira. Zipangizo: mpiru, nkhwani, tsamba la nthochi. Zonse ndaziyala bwinobwino pamkeka, wina atha kujambula.

Tikupemphera titatsinzina, chitseko chili pululu. Pa "Ameni" mbuzi ya a sekiritale a komiti ikumaliza nkhwani, mpiru wapita kale. Ana akuwomba m'manja. Ndi phunziro lokhalo limene alimvetsa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Sindigonja ine! Ndathamangira kudimba, ndathyola tomato wosapsa. Wobiriwira, ana inu, wo-bi-ri-wi-ra. Mawuwa ndi aatali kuposa ana ena muno. Wina akuti "wobiliya". Wina wangolira. Tadala wagwira pakamwa: "Eee, Madamu athyola wosapsa! Akawakwapula kwawo!"

Komabe onse akudziwa kuti awiriwa ndi osiyana. Ndikuwerengera ngati kupambana.

Lachitatu

Chikasu. Nthochi zimene ndinabweretsa sizinafike n'komwe pa pemphero. Sindifufuza, masaya akuchitira umboni okha.

Ndatenga chigubu chathu chotungira madzi. Mtundu wanji uwu? "Chigubu!" Ndaloza diresi la Tadala. "Diresi!" Ndaloza dzuwa, onse apenya kumwamba, tsopano onse akulira.

Pakati pa malirowo a Kamwendo alowa, chingwe m'manja, osaodira. Akuyeza khoma ngati muno mulibe munthu. "Mabokosi alowa bwino muno, Madamu. Pitirizani, musandione." Ndikuwaona ndithu, ndipo mtima ukundiwawa. Njerwa za khoma limeneli tinasenza pamutu ndife amayi, iwo ali pamthunzi kuloza ndi chala.

Chikasu ndachichotsa pa pulani. Mtundu wake ndi wonyada, ana adzakumana nawo ku pulayimale.

Lachinayi

Kuyera ndi kuda. Ufa woyera m'mbale, makala m'chitini. Nzeru ngati zimenezi sizigulidwa.

Zotsatira zake:
ana oyera, palibe;
ana akuda, palibe;
ana otuwa mbuu ngati atuluka m'phulusa, onse;
ufa wa phala la mawa, watha.

Amayi abwera kudzatenga ana, ena akulephera kuzindikira awo. A Nachisale, akazi a bambo Kamwendo, amene ali ndi benchi ya tomato kumsika wa pamsewu, amuyang'ana Tamandani kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Sopo wake mugula ndinu, Madamu?" Ndamwetulira monga anatiphunzitsira ku Boma.

Yatsala mitundu iwiri, kufiira ndi kubiriwira. Iwiri yodziwa bwino iposa isanu yongolawa. Ndikudziuza choncho uku ndikukolopa.

Lachisanu

Kubwereza. Ndikweza wofiira, akuti "wofiira!" Mtima wanga m'malo! Ndikweza wobiriwira, akuti "wofiira!" Ndikweza tsache, "wofiira!" Ndikweza dzanja lopanda kanthu, chimodzimodzi.

Tsono ndapeka nyimbo. Akuvina bwino zedi, mawu okha ndikuyimba ndekha.

Pulani yatsopano: mawa ndikweza wofiira yekhayekha, wobiriwira akhale pansi m'dengu, ndifunse msangamsanga, tikhale pansi. Mulungu andikhululukire, akudziwa kuzizira kwa pansi pa mango paja.

Tamandani akadali pakona ndi milu yake. Ndamufunsa kuti wagwira mtundu wanji. Wandiyang'ana monga bambo ake amayang'anira khoma.

Loweruka

Za lero ndilemba zonse!

Chipinda chadzaza, ena akusuzumira pawindo. Kutsogolo a Kamwendo ndi chingwe chawo m'thumba, pambali pawo amayi busa. Ndafoletsa ana. Angoona amayi awo, mzere wapasuka. Wina ali kale kubere. Wina wabisala m'chitenje. Ndikweza tomato wofiira, ndikufunsa, ziii. Ngakhale "wofiira" wa dzulo uja wathawa.

A Kamwendo akuimirira, akukonza kukhosi. Ine pobwerera m'mbuyo ndagunda dengu, tomato yense mbwee pansi, wakupsa ndi wosapsa yemwe ndinabisa uja. Ndikulakalaka nthaka itang'ambika.

Koma ana atuluka m'zitenje! Osawatuma munthu, akutola, akunjuta pansi, aliyense akusanja kamulu kake monga amaonera kumsika. Tamandani ndiye katswiri, mulu wake wasongoka bwino, tomato wofiira akuwala pamwamba. Amayi busa awerama: "Ukutani kodi, mwanawe?"

Mwana wosayankhula uja, mokweza, mpaka a pawindo amva:

"Wobiriwira pansi. Wofiira pamwamba. Amatero amama, kuti ogula asaone."

Wobiriwira! Mawu onse athunthu, osadumpha ndi pamodzi pomwe! Ine misozi.

Chipinda chagwa ndi phwete. Amayi busa agwira m'chiuno: "A Nachisale, n'chifukwa chake ndikafika kunyumba ndimapeza zina!" A Nachisale aphimba nkhope ndi mpango. Amene akuseka kwambiri ndi amabenchi anzawo, koma sizinatenge nthawi, chifukwa amayi busa ayamba kuyendera milu yonse. Akugwetsa uwu, pansi wobiriwira. Akugwetsa uwo, pansi wobiriwira. Mwana aliyense akuloza ndi kutchula monyada, wina "wobiliya", wina "wobiwila", ndipo aliyense akutchulanso amayi ake. Tadala watola kamodzi kakang'ono, waika m'manja mwa amayi busa: "Basela."

Nthungululu!

A Kamwendo akadali chiimire. Anene kuti ana saphunzira, pamene woyamba kuyankha ndi wawo? Amunyamula Tamandani. "Mwamumva? Mutu uwu ndi wa kwathu." A sekiritale afunsa za mabokosi. "Mabokosi ati? Akhala pakhonde, si ana amenewo."

Ndavina, sindibisa. Ndavina mpaka chitenje kumasuka.

Lamulungu

Mawu andithera, msana ukuwawa. Kutchalitchi amayi a mabenchi akundipatsa moni wa m'mphuno. Wina wandinong'oneza kuti ndiziphunzitsa ana nyimbo basi, za mitunduzi zikuwononga bizinesi.

Pa mitundu isanu ndaphunzitsa iwiri, ndipo kunena zoona sindikudziwa ngati ndaphunzitsa ndine kapena msika. Dimba langa latha psiti, ndiwo za lero zilibe tomato. Ndatsikira kumsewu, dala pa benchi ya a Nachisale, kuti tiyanjane. Andilandira bwino: "Madamu athu! Tengani mulu uwu, ndakusankhirani ndekha." Andithirira okha m'jumbo, mwaulemu, ine maso ali pa minibasi.

Kufika kunyumba ndakhuthulira m'mbale. Wofiira alipo, wokongola. Winayo ndamuika pawindo kuti apse.

Kiyi wa chipinda ali pa mfundo ya chitenje changa.