Nkhungu pa Tebulo la Apongozi

Mukadzafika kwa apongozi anga ku Khuyu, kuchilumba kuja, musadzachotse nsalu ya patebulo. Mukadzangoichotsa, dzina langa lidzatchulidwa.

Chinali chaka cha 1998, apongozi aamuna atangobwerako ku Joni komwe anakalambira pantchito. Pa katundu yense amene anatsika naye m'sitima, chimene ankachisamala ngati khanda chinali fomaika imodzi yoyera yomata pamwamba pa tebulo ndi kachitini ka guluu wachikasu uja wonunkha ngati petulo. Ankafuna kuti tebulo lawo lakale lidzawale pa chinkhoswe cha mlamu wanga. Ine, mkamwini wongolowa kumene m'banjamo, ndinati ntchitoyo ndimaidziwa. (Ndinali nditangoonererako kalipentala wina ku Nkhata Bay, basi.)

"Guluu ameneyu sakhululuka," anatero apongozi. "Mupake mbali zonse ziwiri, mudikire aume. Zikangokhudzana, kwatha, sizisunthanso. Ndipo wina kulibe pachilumba pano."

"Musadandaule, bambo," ndinayankha molimba mtima.

Iwo atapita kukasoka ukonde, ndinatulutsa tebulo pabwalo chifukwa m'nyumba fungo linkandizunguza mutu. Ndinapaka tebulo, ndinapaka fomaika, chitini mpaka kuchikokota. Kenako ndinakhala pansi kudikira.

Ndipamene ndinamva azimayi akufuula, "Nkhungu! Nkhungu!" Nditayang'ana kunyanja ndinaona chiutsi chakuda chija cha tizilombo touluka, mphepo ikuchikankhira kwathu. Aliyense ankathamanga ndi lichero lonyowa kukakola ndiwo, koma ine thukuta linali kamukamu. Ndinakhudza guluu ndi chala: anali adakali wamadzi. Kubweza tebulo ndi fomaika m'nyumba ndekha, zonse zili zomata, sizikanatheka. Ndinaitana mkazi wanga, koma nayenso anali atathamanga kale ndi lichero lake.

Tizilombo toyamba titatera paguluu, ndinavula malaya n'kuyamba kukupiza. Tina tinangobwera mowirikiza, tebulo likudera ndikuona. Nzeru zitanditha ndinanyamula fomaika kuti ndingovundikira. Maso nditatsinzina (amene nkhungu zinamulowapo m'maso andimvetsa), ndinaisiya. Inagwera mopendekera, ngodya imodzi itatulukira kunja, mbali ina thabwa likuoneka. Ndinakoka. Ndinapemphera. Ndinakokanso mpaka zikhadabo kuwawa. Apongozi sananame.

Atabwera anayendetsa chikhatho pamwamba pake, pali timatuza ngati khungu la mwana wodwala chikuku. Ine manyazi anandigwira, ndikungoyang'ana zala zakuphazi.

"Anzanu akola nkhungu ndi lichero," anatero apongozi, "inu mwakola ndi fomaika ya ku Joni. Nanga tiziphika bwanji zimenezi?"

Pa chinkhoswe tebulo linavala nsalu, ndipo silinavulebe. Mpaka lero ndikapita kumeneko apongozi aakazi amandiikira mbale pangodya yomwe ija, imene imandibaya pamimba ndikaweramira chakudya. Sindinadandaulepo.

Koma musaganize kuti ndinasiya. Munthu akandifunsa ngati ntchito inayake ndimaidziwa, ndimavomerabe, kungoti ndimayamba ndayang'ana kunyanja.