A Gerishon ndi Ndege Zosaoneka

Ku Luwani kunali munthu mmodzi yekha amene ankatha kukuimitsa pa njinga dzuwa likuswa mtengo kuti ndege idutse, kumwamba kulibe ngakhale khwangwala. Munthuyo anali a Gerishon.

Nthawi ya othawa nkhondo a ku Mozambique, azungu achithandizo analambula kabwalo kuseri kwa kampu, ndipo kandege kawo kankaterapo mwa apo ndi apo. A Gerishon analembedwa ntchito yothamangitsa mbuzi pabwalopo. Nkhondo itatha alendo anabwerera kwawo, azungu analongedza, koma palibe anakumbuka kuuza a Gerishon kuti ntchito yatha. Iwo anangodzikweza pa udindo. Chulu cha m'mbali mwa bwalo chinasanduka nsanja, mbale ziwiri zapulasitiki zinakhala zokodolera ndege, ndipo mwendo wa buluku lakale anaupachika pansungwi kuti uzionetsa kolowera mphepo. Wailesi yawo inalibe mabatire, koma ati inkagwira mpaka ku Tete.

Matipate atabwera, aliyense ankati zinthu zasintha. A Gerishon nawo anakhoma katoni pamtengo: MALAMULO ATSOPANO A BWALO. Wodutsa aliyense aime, anene kuti "Odi nsanja", atchule dzina, kochokera ndi katundu. Alowe moyang'anizana ndi mphepo. Asaponde bwalo asanamve mawu akuti "Terani". Tsoka lake, njira yachidule yopita ku Lisungwi inkadutsa pomwepo.

Tsiku lina a Wyson, azaumoyo ochokera kumpoto, anafika pa njinga yamoto atanyamula katemera.

"Imani! Mlengalenga mwadzaza. Zungulirani kaye," anakuwa a Gerishon ali pachulu.

"Kodi ndegeyo ili kuti, madala?"

"Mukaiona ndiye kuti yakugundani kale."

A Wyson, ndi sukulu yawo yonse ija, anazungulira mlambe katatu mpaka anauzidwa kuti atere.

Amene sankagonja ndi mayi Tryness, ogulitsa tomato, omwe munda wawo unachita malire ndi bwalolo. Dothi lopuma zaka zonsezo linkawadyetsa mtima.

"A Gerishon, pano ndi demokalase, eti. Malo onsewa azingokhala mbee ngati dazi? Ine ndilimapo basi."

"Demokalase ndi yapansi, mayi. Ine ndimayang'anira kumwamba."

"Ndiye kwerani konko mutisiyire pansi pano! Tsiku mudzafe, ndidzabwera ndi khasu."

Khasu limenelo a Gerishon ankaliopa zenizeni. Ankati ndege ikadzabwera n'kupeza chimanga idzatembenuka, ndipo Luwani adzaiwalika mpaka kalekale. Choncho chaka chilichonse mayi Tryness akaba mzere umodzi, iwo ankaufafaniza ndi mapazi, uku akulengeza lamulo latsopano lomwe alipeka pomwepo. Katoni inadzaza, anawonjezera ina. Komabe m'mawa uliwonse mayiwo ankaima m'malire, dengu pamutu, n'kukuwa monyogodola:

"Odi nsanja! Tryness, wochokera kwa amuna anga, katundu tomato ndi mkwiyo!"

"Terani, koma mkwiyowo muusiye kunja kwa bwalo."

A Gerishon anamwalira mu Okutobala ndi chifuwa, mvula ili pafupi. Popita kumanda, onyamula bokosi atafika pabwalo anayang'ana buluku lija, n'kuzungulira kukalowera mbali yoyenera popanda wowauza. Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Kuyambira pamenepo njira ya ku Lisungwi inafupika, koma inasiya kukoma. Munthu unkangodutsa ngati mbuzi, popanda wokufunsa dzina.

Mvula yoyamba itagwa, mayi Tryness anafika ndi khasu monga analonjezera. Ataima m'malire, pakamwa panangoyamba pokha: "Odi nsanja!"

Pachulu panali zii. Mwendo wa buluku unkangokupiza pansungwi. Mayiwo anadikira, nabwerezanso motsitsa mawu. Kenako anaika khasu paphewa n'kutembenuka.

Panjira anakumana ndi a Wyson, omwe anaimitsa njinga yawo.

"Mwabwerera bwanji, mayi? Suja munkalifuna bwaloli?"

Mayi Tryness anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Sanandiuze kuti nditere," anatero.